Tinkapita kunyanja Khirisimasi iliyonse, lero anzathu akuzemba: talakwitsa pati?

FUNSO

Ndife anthu 14, amuna ndi akazi, amene tinaphunzira limodzi ku sekondale, ndipo takhala tikuyendera limodzi kwa zaka zoposa 20. Chaka chilichonse timapita kunyanja pa Khirisimasi, komanso timasonkherana pa maliro ndi pa maukwati. Atatu ali ku Johannesburg, mmodzi ku Britain, awiri amalima kumudzi ku Dedza ndi ku Kasungu, otsalafe tili ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Zaka ziwiri zapitazi kunyanja kwapita anthu ochepa, pa WhatsApp amalankhula ndi omwewomwewo, ndipo pa maliro a mayi a mnzathu chaka chatha panabuka mkangano wa ndalama. Ine ndine mlembi wa gululi. Kodi ubwenzi wathu ukutha, kapena pali chimene tikulakwitsa?

Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO

Amayi, m'zimene mwalembazi sindikuonamo ubwenzi umene ukutha. Anthu amene chikondi chawathera sakangana za chipepeso. Amangosiya kubwera kumaliro, foni n'kumangoitana osayankhidwa. Inu mukukanganabe, ndiye kuti mukuwerengeranabe. Vuto ndikuliona pa mmene munayalira chaka chanu. Zonse mwazikoleka pa msomali umodzi, ulendo wa kunyanja, ndipo msomaliwo mwaukhoma pa mwezi umene anthu ambiri kuno kwathu amakhala atapanikizika. Pamene munkayamba mwambowu munali achinyamata ongoyamba ntchito, malipiro onse anali anuanu. Lero ambiri mwa inu muli ndi ana ku sekondale kapena ku koleji, makolo okalamba, ana amasiye a abale anu, minda ndi ngongole.

Tiyeni tiuyang'ane bwino Disembala ameneyu. Kuyambira Okutobala ndalama zimakhala zikupita ku mbewu ndi feteleza wokulitsa. Mvula ikagwa pamabwera aganyu obzala ndi opalira, kenako feteleza wobereketsa. Wapantchito amalandira malipiro a Disembala mofulumira, n'kusangalala, koma ndalama zomwezo ndi zimene ziyenera kumufikitsa kumapeto kwa Januwale, ndipo pakatipo pali fizi ya teremu yachiwiri. Malo ogona ku Mangochi ndi ku Senga Bay nthawi imeneyi amakhala odzaza, mitengo ili m'mwamba. Onjezani kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene malipiro a anthu ambiri sanakwere mofanana. Mafuta a galimoto nawo akhala akusowa nthawi ndi nthawi. Ulendo umene kale unali wongotapa m'thumba, lero ndi bajeti yoti banja likhalire pansi.

Pali china chimene magulu a anzawo akale safuna kuvomereza: Khirisimasi ndi ya banja. Mnzanu akakwatira kapena kukwatiwa, tsiku limeneli limakhala ndi eni ake ambiri. Apongozi akudikira zidzukulu, kutchalitchi kuli mapemphero, ana otsekera sukulu akufuna makolo awo. Amene amasiya zonsezi n'kupita kunyanja ndi anzake a ku sekondale amakalipira mtengo wake kunyumba, ndipo pakapita zaka amatopa nako kulipirako.

Tsono ganizirani anzanu awiri a kumudzi aja. Kwa iwo Disembala ndi Januwale ndi miyezi ya khasu, ndipo chimanga m'nkhokwe chimakhala chikupita kumapeto. Wa ku Kasungu, ngati amalima fodya, sangasiye munda masiku atatu nthawi imeneyo. Koma palibe munthu wamkulu amene angalembe pagulu la anzake akusukulu kuti "ndilibe ndalama". Amalemba kuti "ndatanganidwa", kapena salemba n'komwe. Chaka chotsatira amachita manyazi chifukwa cha chaka chatha, ndipo kusowa ndalama kuja kwasanduka kutalikirana. M'magulu ambiri amene ndawaona akufooka, amene amayamba kutsalira si amene chikondi chawachepera, ndi amene zawavuta. Otsala amati akunyada.

Sindikunena kuti Disembala mumutaye. Ndiwo mwezi umene anzanu a ku Johannesburg amatha kubwera, pamene mafakitale ndi ntchito zomanga kumeneko zatsekera, mabasi odutsa ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza atadzaza ndi anthu obwerera kwawo. Kuwaona kokha n'kofunika. Koma muuchepetse mwambowo: nkhomaliro imodzi pakhomo pa mmodzi wa inu, tsiku lina pakati pa 27 ndi 30 Disembala, aliyense abwere ndi mphika wake, amuna awo, akazi awo ndi ana. Palibe chosonkha, palibe chogona. Wopanda kanthu abwere ndi nkhwani kapena mango, n'kukhala pansi ngati wina aliyense.

Msonkhano waukulu wa pachaka muusamutsire ku miyezi ya pambuyo pa kukolola, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Misika ya fodya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu imakhala itatsegulidwa, soya ndi mtedza zagulitsidwa, chakudya chili m'nyumba, misewu ya fumbi ikuyendeka. Tchuthi cha 6 Julayi chikagundana bwino ndi mapeto a sabata chimapereka masiku atatu. Kungoti mu Juni ndi Julayi kunyanja kumawomba mwera ndipo sikukoma kwenikweni. Ngati mtima wanu uli pa nyanja basi, dikirani kumapeto kwa Ogasiti, mphepo itayamba kudekha, fizi ya Seputembala isanakugwireni pakhosi. Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala, mulipewe: theka la tauni limakhala lili m'madzi momwemo, komanso ndi tsiku loti aliyense akaone mayi ake.

Ine ndikanakhala inu, chaka chikubwerachi sindikanapita kunyanja n'komwe. Ndikanapita ku Dedza. Chaka chinacho ku Kasungu. Taganizirani chimene chimachitika mukapita kwa mnzanu wa kumudzi mu Julayi. Munthu amene zaka zonsezi amabwera pa zochitika zanu ali wolipiriridwa, amene amakhala chete bilu ikabwera, tsiku limenelo ndiye mwini khomo. Mbuzi ndi yake, mbatata ya kachewere ndi yake, thobwa ndi la kunyumba kwake, ndipo ndi iye amene akukuuzani pogona ndi posamba. A m'tauni mubwere ndi mpunga, mafuta ophikira, shuga, zakumwa, ndi mabulangete ambiri, pakuti Dedza mu Julayi sachita nthabwala. Muwalipire mtengo wa mbuziyo mwaulemu, mwamseri, kuti kulandira alendo kusawasiyire dzenje. Ofuna kuyendayenda akhoza kukaona zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2006, ndipo ndikukayika ngati theka la gulu lanu linafikako. Koma chachikulu n'chakuti munthu amene walandira anzake pakhomo pake sachitanso manyazi kulandiridwa kwa iwo. Ubwenzi wa anthu osiyana mapezedwe umalimba pokhapokha aliyense akhale ndi nthawi yake yopereka.

Tsikulo likhale lodziwika mpaka kalekale, monga "Loweruka lachiwiri la Julayi", osati lovotera chaka ndi chaka. Miyezi ya chilimwe Loweruka lililonse limakhala ndi ukwati, chinkhoswe kapena kuvundukula chiliza. Mu Ogasiti ena amapita ku Umthetho ku Hora, ena ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumapeto kwa mweziwo. Mu Okutobala kuli Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde. Mukamafuna tsiku loti onse 14 ali omasuka, simudzalipeza, ndipo pa mavoti a pa WhatsApp amapambana ndi amene ali ndi bandulo ndi mawu ambiri. Tsiku lokhazikika anthu amalizolowera, amapempheratu tchuthi kuntchito, ndipo wa ku Britain akhoza kuguliratu tikiti miyezi isanu ndi umodzi isanakwane ngati akufuna kubwera chaka chimenecho. Posankha mukumbukire amene amapemphera Loweruka, ndiponso ngati pali Asilamu pakati panu, kumbukirani kuti Ramadan imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndiye muziyang'aniratu.

Komabe msonkhano umodzi pachaka, ngakhale utakoma bwanji, sungasunge gulu. Robin Dunbar, katswiri wa ku Oxford amene wafufuza kwambiri za maubwenzi, anaonetsa kuti anthu amene munthu amawadziwa amakhala m'magulu a pafupifupi 5, 15, 50 ndi 150, kuyambira a pamtima mpaka ongodziwana nawo, ndipo mnzako amene sukuonana naye amatsetsereka pang'onopang'ono kuchoka m'gulu lapafupi kupita lakutali. Inu 14 muli pa msinkhu wa gulu lachiwirilo, limene limafuna kuonana pafupipafupi. Ndiye a ku Lilongwe azikumana okha kamodzi pamwezi, a ku Blantyre okha, a ku Johannesburg okha. Kaya ndi mpira pa Bingu kapena pa Kamuzu Stadium, kaya ndi tiyi wa Lamulungu masana, kaya kanyenya pa chiwaya. Anthu atatu akakumana osauza gulu lonse, musati ndi mpatuko. Timagulu timeneti ndi timene timabweretsa nkhani zenizeni: kuti uje ntchito inatha, kuti uje mwana wake akudwala.

Januwale mpaka Malichi musaike chilichonse chofuna ndalama. Matchuthi a 15 Januwale ndi 3 Malichi muwagwiritse ntchito pokaona amene zikumuvuta, thumba la ufa lili m'galimoto, popanda kujambula chithunzi.

Tifike pa nkhani ya maliro, pakuti m'pamene pali bala. Mikangano ya chipepeso kawirikawiri imachokera pa zinthu ziwiri: ndalama zonse zili m'thumba limodzi, ndipo palibe pamene munalemba kuti gulu limathandiza pa maliro a ndani komanso ndi zingati. Ndiye chimachitika n'chakuti bambo a mnzanu wotchuka akamwalira mwezi wa ndalama, sonkhasonkha amadzaza. Mayi a mnzanu wofatsa akamwalira mu Febuluwale, zimapezeka zochepa. Palibe amene wachita dala, koma wofedwayo amawerengera, ndipo amaona ngati ndi mtengo umene anzake amuika.

Apa phunzirani kwa amayi a banki m'khonde. Njira imeneyi, imene bungwe la CARE linaiyambitsa ku Niger mu 1991 ndipo lero ili pafupifupi m'mudzi uliwonse kuno, imalekanitsa ndalama za masheya ndi thumba la mavuto, ndipo bokosi lake limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Anthu amenewa amakhulupirirana, koma amadziwa kuti kukhulupirirana kumatha msanga ndalama zikakhala ndi munthu mmodzi. Inunso mukhale ndi matumba awiri. La zosangalatsa likhale la ofuna: wapita ku ulendo ndiye walipira. La maliro likhale la aliyense, mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama yake ikhale yoti wosauka kwambiri pakati panu angathe kuipereka osabwereka. Alimi muwalole kupereka za chaka chonse kamodzi akagulitsa mbewu. Thumba limeneli lisabwerekedwe, ngakhale kwa sabata imodzi, ndipo lisagwiritsidwe ntchito pokwaniritsa mafuta a ulendo.

Kenako lembani maina mukadali osangalala, maliro asanagwe. Aliyense atchule anthu ake: mwamuna kapena mkazi wake, ana, makolo. Mugwirizane za apongozi. Mugwirizanenso za mwana wa mchemwali amene munthu akumulera pakhomo pake, pakuti kwathu kuno ameneyo ndi mwana, ndipo mukadzayamba kufunsa za chibale chake tsiku la maliro mudzasweka. Ndalama yochokera m'thumba ikhale yofanana kwa aliyense. Popeza kwacha sikhazikika, muziiunikanso pa msonkhano wa pachaka poyerekeza ndi chinthu chimene nonse mukuchidziwa, monga mtengo wa matumba angapo a chimanga a makilogalamu 50. Wofuna kuwonjezera apereke chipepeso chake yekha m'manja mwa wofedwa. Ndipo chonde, siyani kuika pagulu mndandanda uja wa maina ndi ndalama zimene aliyense wapereka. Ndikudziwa kuti cholinga chake n'kuonetsa chilungamo, koma dzina lokhala ndi K5,000 pansi pa dzina lokhala ndi K100,000 limathamangitsa munthu. Ikani maina a amene apereka ndi chiwerengero chonse basi. Tsatanetsatane akhale m'buku la msungichuma, loti aliyense akhoza kuliona.

Ndalamazo zisagone pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya msungichuma, pamodzi ndi ndalama zake za ndiwo. Si kuti ndi wakuba. Koma mwana akadwala usiku, adzatapa ndi mtima woti abweza mawa, ndipo maliro sadikira mawa. Tsegulani akaunti ya gulu ku banki yosainira anthu awiri mwa atatu, ndipo mwezi uliwonse msungichuma aziika pagulu zimene zalowa, zimene zatuluka ndi zimene zatsala.

Ndalama si zonse. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo wofedwa amakumbukira amene anagona pa siwa kuposa amene anatumiza zambiri. Mugwirizane kuti pa maliro alionse a pa mndandanda uja anthu osachepera awiri azifika m'dzina la gulu, thumba lithandize pa mayendedwe awo. Akutali aimbe foni. Kachithunzi ka manja opemphera pa WhatsApp si kupepesa. Pakatha mwezi, anthu onse atabalalika ndipo nyumba yazizira, wina apiteko. Ngati wamwalira ndi mmodzi wa inu, wamasiye wake musamuchotse pagulu pokhapokha atapempha yekha, ndipo tsiku lovundukula chiliza mulilembe pa kalendala yanu.

Za anzanu akunja ndinene mosapsatira. Magulu ambiri amawasandutsa banki. Bajeti ikaperewera, maso onse ku Johannesburg ndi ku Britain. Ena mwa iwo amagwira ntchito za maola ataliatali, lendi ikuwadya, achibale ambiri akuwayang'anira, ndipo akaona kuti pagulu amakumbukiridwa pa sonkhasonkha pokha, amayamba kuzimitsa mauthenga. Chopereka chokakamiza chikhale chofanana kwa onse. Akafuna kuwonjezera mwa kufuna kwawo, ziwonjezerozo zipite pa chinthu chodziwika, monga mayendedwe a amene sangakwanitse kufika ku msonkhano wa pachaka, popanda kutchula amene wathandizidwa. Zimene atumiza kudzera ku Mukuru kapena njira zina muzilembe m'makwacha amene mwalandira tsiku lomwelo, kuti pasakhale kukayikirana za mtengo wosinthira. Muwauzenso poyera kuti thumba lanu silingakwanitse kubweretsa thupi kuchokera ku South Africa. Alowe m'magulu othandizana pa maliro kumeneko kapena akhale ndi inshulansi ya maliro. Gawo lanu ndi la kuno kumudzi.

Maukwati ndingowadutsa. Posachedwa ana anu ayamba kukwatira, ndipo ukwati umodzi masiku ano uli ndi chinkhoswe, bridal shower, nsalu ya yunifomu ndi perekaniperekani. Gulu lipereke kamodzi, pa tsiku la ukwati. Zina zonsezo aliyense aone yekha. Chipereganyu ndi kubwereketsana ndalama, ofuna akachitire padera, kunja kwa dzina la gulu, chifukwa ngongole ya anthu awiri ikavuta imagawa anthu 14. Mowa pa zochitika zanu azigula akumwawo. Pa zaka 20 ena anasiya, ndipo sakondwa kulipirira botolo la mnzawo ngakhale sanena.

Za WhatsApp musadandaule nazo kwambiri. M'gulu lililonse olankhula amakhala ochepa, ndipo ena bandulo amagula ya tsiku limodzi akafuna kutumiza uthenga wofunika. Akatsegula n'kupeza mauthenga mazana a ndale ndi mavidiyo, uthenga wa maliro umamira momwemo. Khalani ndi magulu awiri, lina la macheza, lina la zidziwitso zokha lolembamo mlembi ndi msungichuma. Nkhani ya imfa kapena matenda aakulu iziyenda pa foni, aliyense akhale ndi munthu mmodzi amene amamuimbira.

Koma zonsezi musazibweretse pagulu musanakonze za chaka chatha. Mnzanu amene mayi ake anamwalira uja akadali ndi chinthu mumtima, ndipo malamulo atsopano adzawamva ngati mukukwirira nkhani yake. Mupite anthu awiri kapena atatu amene iye amawalemekeza, kunyumba kwake, osati pa foni. Mumve kaye mbali yake mpaka amalize. Ngati analandira zochepa poyerekeza ndi ena amene anafedwa m'mbuyomu, vomerezani, ndipo musonkhe mwakachetechete kukwaniritsa kusiyanako, ngakhale papita chaka. Ngati vuto linali lakuti ndalama zina sizinafike, msungichuma abwere ndi buku pamaso pa anthu ochepa omwewo, abweze zimene zikusowa, ndipo udindowo upite kwa wina popanda kumuyalutsa pagulu.

Inunso, amayi, ngati mwakhala mlembi zaka zambiri, konzekerani kutula. Gulu limene zonse amayendetsa ndi munthu mmodzi, enawo amasanduka alendo oitanidwa, ndipo mlendo sadandaula mwambo ukalephereka. Maudindo azisinthana zaka ziwiri zilizonse, ndipo msonkhano wa pachaka aziukonza ndi anthu a dera limene ukuchitikira.

Poyambira pake ndi foni ziwiri, ku Dedza ndi ku Kasungu, sabata ino. Musawafunse ngati adzabwere chaka chino, chifukwa yankho lake ndi "tiona". Afunseni mwezi umene kwawoko zinthu zimakhala bwino, ndiponso ngati angakulandireni mutabwera. Mukatero imbirani a ku Johannesburg mmodzimmodzi, kenako wa ku Britain, ndipo pokhapo mulembe pagulu. Pakhoza kupezeka mmodzi kapena awiri amene anganene kuti maulendo ndi misonkhano sakuzifunanso. Musawakakamize, komanso musawafufute. Afunseni ngati akufuna kukhalabe m'thumba la maliro, ndipo muziwauzabe tsiku la nkhomaliro ya Disembala chaka chilichonse.